Kusamalira Kompyuta Yokonzera Mavidiyo

Zikomo a wapampando, komanso inu nonse amene mumajambula maukwati, zinkhoswe ndi nyimbo za makwaya. Ambiri mwa inu mukudandaula kuti kompyuta zanu zimaima ntchito ili mkati, ndipo mukuganiza zogula zatsopano. Musanatulutse ndalamazo, ndikukupemphani kuti muyambe mwaona mmene makina amene muli nawo kale akutenthera.

Purosesa, yomwe ili ngati ubongo wa kompyuta, ikamatulutsa vidiyo ya maola awiri imagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, ndipo kutentha kwake kukayandikira madigiri 100 imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Fumbi la m'chilimwe likatseka timabowo totulukira mpweya, fani imangolira koma osaziziritsa kanthu, moti ntchito yoyenera kutha m'mawa imakoka mpaka madzulo. Choncho laputopu musamaiike pabedi kapena pachitenje, koma pathebulo, mutaikwezako pang'ono kumbuyo kuti mpweya uzidutsa pansi. Kutentha kwa mu Okutobala kusanafike, pitani nayo kwa katswiri kuti akachotse fumbi mkati ndi kusintha thermal paste, ija imapakidwa pamwamba pa purosesa, chifukwa imauma pakapita zaka. Ine ndimaona kuti ndalama yochepa imeneyi imapindula kuposa zambiri zimene timagula.

Vidiyo ya 4K ili ndi timadontho tochuluka kanayi kuposa ya 1080p, ndipo disiki yakale ija yozungulira imalephera kuipereka mwamsanga ku pulogalamu. Windows ndi ntchito imene mukukonza pakali pano zikhale pa SSD, disiki yamakono yothamanga kwambiri, ndipo disiki yakaleyo izingosunga maukwati amene munamaliza kale. Mapulogalamu okonzera mavidiyo monga Premiere Pro ndi DaVinci Resolve amasiya mafayilo ongothandizira kwakanthawi, otchedwa cache, amene amakula mwakachetechete mpaka kudzaza disiki, kotero muziwafufuta ntchito iliyonse ikatha. RAM, malo amene kompyuta imasungiramo kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito, ikhale 16 GB pa mavidiyo a HD monga a 1080p, koma pa 4K pamafunika 32 GB. Ngati thumba silikulola, gwiritsani ntchito ma proxy: pulogalamu imapanga makope opepuka oti muzidulirapo, ndipo potulutsa vidiyo yomaliza imabwerera ku zithunzi zenizeni popanda kuchepetsa kuwala kapena kuoneka bwino kwake.

Mapulogalamu obedwa amene timapatsana pa flash asiyeni, chifukwa ambiri amabwera ndi mavairasi odya mphamvu ya makina. DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere umene ungakwaniritse ntchito zambiri zimene timachita.

Magetsi akazima mwadzidzidzi kompyuta ikulemba pa disiki, fayilo ya ntchito yonse ingathe kuwonongeka. Amene muli ndi kompyuta zapathebulo gulani UPS, chipangizo cha batire chopatsa kompyuta mphamvu magetsi akazima, ngakhale yaing'ono yongokupatsani mphindi zochepa zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwino, ndipo pulogalamu muitchere kuti izisunga yokha pafupipafupi. Khadi la kamera musalifufute kufikira zithunzi zake zitakopedwa pa madisiki awiri osiyana, pakuti mkwati ndi mkwatibwi sadzabwereranso kutchalitchi kuti muwajambule kachiwiri.