Munthu akalemba 1,500, pulogalamu imve chiyani?

Moni nonse amene mukukonza gawo la pulogalamu lolandira mitengo ndi miyezo ya katundu. Ndatumiza uthengawu kuti tigwirizane za nambala zimene anthu amalemba m'bokosi, chifukwa tikazilakwitsa munthu akhoza kulipira ndalama zosiyana kwambiri ndi zimene amafuna.

Kuno ku Malawi tikalemba K1,500.50, mpatuliro umalekanitsa masauzande ndipo kadontho kamayambitsa matambala. Anzathu a ku Mozambique, potsatira Chipwitikizi, amaika mpatuliro pamene ife timaika kadontho, ndipo ku Germany amachitanso chimodzimodzi, moti amalemba 1.500,50. Ku South Africa kalembedwe kovomerezeka ndi R1 500,50, ndi mpata pakati. Wamalonda wa pa malire a Dedza kapena Mwanza amakumana ndi kalembedwe konseka, choncho 1,500 payokha ikhoza kukhala sauzande imodzi ndi mahandiredi asanu, kapena imodzi ndi theka basi.

Chonde musapereke zimene munthu walemba mwachindunji kwa parseFloat, lamulo losandutsa zolembedwa kukhala nambala m'chiyankhulo cholembera mapulogalamu cha JavaScript. Mukaipatsa 1,500 imabweza 1 popanda kudandaula chilichonse, chifukwa imaima pa chizindikiro choyamba chimene sikuchidziwa. Ku Python, chiyankhulo china cholembera mapulogalamu, lamulo lofanana nalo lotchedwa float limakana poyera ndi uthenga wa cholakwika wotchedwa ValueError, ndipo kukana koteroko ine ndimakuyamikira, popeza cholakwika chimene chaoneka chimakonzedwa tsiku lomwelo. Musachotsenso mipatuliro yonse mwachisawawa, chifukwa mukatero 2,5 ya munthu wa ku Tete isanduka 25.

Yambani ndi kuchotsa mipata, kuphatikizapo mpata wosaduka (mpata wapadera woletsa mzere kudukira pamenepo) umene umabwera munthu akakopera nambala kuchokera kwina, kenako mukane chilichonse chimene si manambala, mpatuliro kapena kadontho. Ngati zizindikiro zonse ziwiri zilipo, chimene chili kumapeto ndicho choyambitsa tizigawo, ndipo chinacho chiyenera kugawa manambala atatuatatu, apo ayi mukane. Ngati chizindikiro chimodzi chabwera kawiri kapena kuposa, monga mu 1.250.000, chimenecho ndi cha masauzande. Chikabwera kamodzi n'kutsatiridwa ndi nambala imodzi kapena ziwiri, ndi cha tizigawo. Dziwani kuti ku India amalemba 1,00,000, choncho lamulo la atatuatatu lidzafunika kusintha tikadzakhala ndi makasitomala kumeneko.

Chovuta kwenikweni ndi chizindikiro chimodzi chotsatiridwa ndi manambala atatu ndendende. M'bokosi la ndalama pali poyambira, chifukwa kwacha ili ndi matambala 100 okha, ndipo palibe amene amalemba manambala atatu a matambala, kotero 1.500 mwachidziwikire ndi masauzande. Koma m'bokosi la makilogalamu kapena malita mulibe chokuthandizani, popeza 1.500 ya nyama pa sikelo ndi kilogalamu ndi theka, pamene ya chimanga mosungira katundu ikhoza kukhala matumba 30 a makilogalamu 50. Pamenepo pulogalamu isalote. Ionetse matanthauzo onse awiri m'mawu omveka, munthuyo asankhe yekha. Chiyankhulo chimene foni inakonzedwera, chimene Intl.NumberFormat, chida cha mu JavaScript choonetsera manambala, imagwiritsa ntchito posankha zizindikiro, chingatiuze tanthauzo loti tionetse poyamba, koma tisachidalire kotheratu, chifukwa anthu ambiri amagula foni yakale n'kusiya zonse momwe anazipezera.

Nambala ikawerengedwa, ilembedwenso pansi pa bokosi momwe pulogalamu yaimvera, munthu asanadine batani lotumiza. Ikakanidwa, uthenga ukhale ndi chitsanzo, monga wakuti lembani chonchi, 1500.50, osati mawu akuti mwalakwitsa okha.

Posunga ndalama, sungani matambala ngati nambala yathunthu, kutanthauza kuti K1,500.50 ikhale 150050, chifukwa mu JavaScript ndi Python mukaphatikiza 0.1 ndi 0.2 mumapeza 0.30000000000000004 m'malo mwa 0.3. Malamulo omwewa aikidwenso pa seva, kompyuta yolandira ndi kusunga zimene anthu atumiza, popeza zimene msakatuli (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) wafufuza munthu akhoza kuzilambalala. Musananditumizire ntchito yanu, yesani 1,500 ndi 1.500, 0,500, 1.500,50, 1,50,0, bokosi lopanda kanthu ndi nambala yoyamba ndi kadontho, ndipo mundilembere zimene pulogalamu yabweza pa chilichonse mwa izi. Zikomo kwambiri.