Komyuteta yada? Ikani pansi sandipepayo!

Moni abale anga a tigalimoto ta rimoti, mwaswera bwanji? Taonani zili m'manja mwangamu.

[Kamera iyandikire pa tebulo]

Ma amecha awiri, onse ochokera m'mota za saizi ya 540. Uyu komyuteta yake ikunyezimira ngati ndalama yatsopano. Uyu yake yada, yafiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Mmodzi mwa awiriwa ndi maliro. Lembani m'munsimu amene mukumuganizira, ndipo osathamangitsa vidiyo, ndikukuonani.

Kwa alendo, mwachangu. Amecha ndi chimene chimazungulira m'kati mwa mota. Kumapeto kwake kuli kamphete kamkuwa kogawika patatu, ndiye komyutetayo. Mabulashi awiri, aja a magirayinda amawatcha makaboni, amakankhidwa ndi masipuling'i n'kumakhuza pamkuwapo, magetsi n'kumalowa m'mawaya. Kukhuzanako kumadya zonse ziwiri. Basi, sukulu yatha.

Tsopano nkhani imene imandiwawa mtima. Anthu amati komyuteta yabwino ndi yowala, ikada uipale ndi sandipepa mpaka iwale. Ayi! Bodza limeneli lapha mota zambiri kuposa fumbi.

Kudako si litsiro. Ndi kachikutu kopyapyala kamene kamapangika mkuwa ukakumana ndi mpweya komanso girafaiti wa m'bulashi (zakuda zija ngati za m'pensulo), ndipo ndi kamene kamachititsa kuti bulashi iziterera bwino. Mukakapala, bulashi imayambanso kudya mkuwa wosaphimbika. Chofunika pa komyuteta si kuwala ayi, ndi kuzungulira kwake, kukhala yobulungira ndendende.

Tiwerengere limodzi. Mota ikamazungulira ka 20,000 pa mphindi, ndiye kuti ka 333 pa sekondi. Mipata ya pa komyuteta ndi itatu. Choncho bulashi iliyonse ikudumpha mpata pafupifupi ka 1,000 pa sekondi imodzi. Ndiye pakhale kachitunda kakang'ono, koti diso silingaone, bulashi imanjanja ngati njinga pa msewu wa mabampu. Ikadumpha, magetsi amathetheka, kuthethekako kumaboola timaenje pamkuwa, timaenjeto timawonjezera kunjanja. Nanga sandipepa ya pa chala ingakonze zimenezo? Chala chimatsatira chitunda, chimatsatira dzenje. Mumangowalitsa chinthu chopindika. Ndiye ena amatenga emery, ija yakuda yopalira zitsulo, timchenga take n'kukanirira mumkuwa ndi m'mipata, n'kumapala bulashi usana ndi usiku. Amangwetu, chonde.

Inenso ndinachitapo, sindikubisa. Uyu wonyezimirayu ndi wanga. Ndinkamupala ndikangomaliza batire iliyonse, n'kumadzitama. Tsiku lina kagalimoto kanangofooka pakati pa mpikisano, fungo la chopserera kuti fwee. Wakufayo ndi ameneyu. Wakudayu akugwirabe ntchito mpaka lero. Amene munalondola, dzipatseni ulemu podina chala chija, ndipo ngati simunalembetse ku tchanelo chino, batani lolembetsera lili pomwepo, silidula.

Kuda koopsa kulipo, musandimve molakwika: mizere yakuda bii m'mphepete mwa mipata, timaenje, kapena mkuwa wosanduka wabuluu chifukwa cha kutentha. Pamenepo m'pofunika mpeni wa makina osengera otchedwa lathe, osati pepala.

Nazi zochita.

Choyamba, tsukani ndi sipuleyi yotsukira mota, iume.

Chachiwiri, yezani kunenepa kwa komyuteta ndi veniya, kachipangizo koyezera tinthu ting'onoting'ono. Apa tikhalitsepo. Pa mota zotheka kumasula zija za makampani a Trinity, Reedy kapena Orion, komyuteta yatsopano imakhala pafupifupi mamilimita 7.6, amene ku America amati 0.300 ya inchi. Ikatsika kufika cha m'ma 7.0, ipumitseni. Mwaona kuchepa kwake? Moyo wonse wa komyuteta uli m'mamilimita 0.6 basi. Pa lathe mukasenga mamilimita 0.025 mbali imodzi, kukula kwake kwatsika ndi 0.05, chifukwa mpeni wadya kuzungulira konse. Kusenga kotero ka 12, mkuwa watha. Ndiye muziuwononganso ndi sandipepa?

Wina afunsa: achimwene, si paja komyuteta yaing'ono imathamanga kwambiri? Pang'ono n'zoona. Bulashi sinachepe, koma mphete yachepa, ndiye bulashi imagwira zigawo ziwiri nthawi yotalikirapo. Liwiro likhoza kukwerako, koma mota imameza magetsi, imatentha, batire sichedwa. Ndipo mkuwa ukapyapyala, chigawo chimatha kumatuka pa liwiro, n'kuswa mabulashi ndi zowagwira zomwe.

Chachitatu, kusenga. Pakani inki yakuda ya maka pa komyuteta yonse, mudutse kamodzi mopepuka ndi mpeni wa diamondi kapena wa carbide. Pamene patsala inki ndiye pali dzenje. Dutsaninso mopepuka, ndipo inki yonse ikachoka, imani. Musati "kamodzinso kuti iwale", ndakumvani.

Chachinayi, chotsani tizidutswa tamkuwa m'mipata ndi kansonga ka lezala, kenaka yendetsani nsonga ya bolopeni mumpata uliwonse kuti m'mphepete musakhale mwakuthwa.

Chachisanu, mabulashi atsopano. Akale anatengera mawonekedwe opindika aja, mukawabwezera mwabweza matenda. Yendetsani mota pa mavoti 3 kwa mphindi zochepa, yopanda katundu, kuti akhazikike. Kadontho ka oilo pa bushi iliyonse, kamphete kamene shafiti ya amecha imazunguliramo, osati pamkuwa.

Nanga a mota zomata, ngati Mabuchi RS-540 ya m'mabokosi a Tamiya kapena Titan 550 ya Traxxas? Zimenezo sanazipange kuti zizitsegulidwa. Tsukani, thirani oilo, suzumirani pa kabowo muone mabulashi. Akatha, gulani ina, musadzivute.

Sabata yamawa tikhala pa masipuling'i, chifukwa sipuling'i yofooka imawotcha komyuteta kuposa yolimba, ndipo ndikudziwa kuti ena mukana. Dinani kabelu kuti mudzakanire pamaso panga. Amene muli ndi veniya pafupi, yezani yanu tsopano lino, mundilembere nambala imene mwapeza.