Matenda oiwalaiwala sadikira ukalamba: zomwe zinakambidwa pamsonkhano ku Ndirande

Amfumu, abusa, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Akumbuyo mukundimva? Chabwino.

Sewero taonera pakanemali ndi lakunja, koma ndaona amayi angapo akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje pamene bambo uja amalephera kuzindikira mwana wake wobereka yekha. Bamboyo sanali nkhalamba. Imvi zinali zitangoyamba, ntchito akugwira, ana akadali pasukulu. Matendawa achipatala amati dimenshiya, ife timangoti matenda oiwalaiwala, ndipo akagwira munthu asanakwane zaka 65 amati abwera msanga.

Musati ndi zopeka za m'sewero. Mu 1901, ku Frankfurt m'dziko la Germany, dokotala Alois Alzheimer anayamba kuona mayi wina wa zaka 51 zokha yemwe ankasokonezeka n'kumaiwala zomwe wangouzidwa kumene. Mayiyo atamwalira mu 1906, dokotalayo anapima ubongo wake n'kupeza kuti unafota. Mtundu wofala kwambiri wa matendawa umadziwika ndi dzina la dokotalayo mpaka lero. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati odwala dimenshiya ndi oposa 55 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, osati olemera.

Ine matendawa ndinawaonera pa azakhali anga. Ankagulitsa tomato ndi anyezi mumsika muno, mayi woti masamu a ndalama ankawerengera m'mutu kasitomala asanatulutse chikwama. Atangopitirira zaka 50 anayamba kusokoneza chenji. Wina wapereka K500, iwo n'kumubwezera ya K2,000. Kunyumba ndiwo ankathira mchere kawiri, tsiku lina tinapeza makiyi ali mumphika wa nyemba. Tinkawaseka, nthawi zina kuwakalipira. Zimenezi zimandipweteka mpaka pano.

Kenaka tsiku lina m'bandakucha anapezeka pakhomo pa anthu ena kumtunda uku, ali ndi chitenje chimodzi, osavala nsapato, osadziwa kwawo. Mukudziwa nonse zomwe zinanenedwa. "Yagwa pa lichero!" Ena amvekere anakhwimira bizinesi, zizimba zawabwerera. Miyala inali itatoledwa kale. Anawapulumutsa ndi mnyamata wina wa kabaza yemwe ankawanyamulira katundu.

M'sewero muja bambo atasochera, anthu anamugwira dzanja n'kumuperekeza kwawo. Kuno timayamba ndi kumufunsa kuti wadya ana angati. Munthu wosokonezeka mutu mukamuzungulira n'kumamukuwiza, amavomera chilichonse, ndiye inu mumati waulula. Amfumu ali pano andichitire umboni: lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito m'Malawi, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu.

Tsono mukaona zizindikiro, pitani kuchipatala msanga. Sindikunamizani, Alzheimer alibe mankhwala ochiza. Koma si kuiwala konse komwe kuli Alzheimer. Kwina kumabwera chifukwa cha bipi ndi shuga zomwe zawononga mitsempha ya magazi muubongo, kapena sitiroko zing'onozing'ono zomwe munthu sanazizindikire n'komwe. Kwina ndi kachilombo ka HIV kakalowa muubongo munthu asakumwa ma ARV. Kwina ndi kachasu wa zaka zambiri, chindoko chosachiritsidwa, kuchepa kwa vitamini B12, ngakhale matenda okhumudwa. Zambiri mwa izi dokotala akhoza kuzichepetsa, zina kuzichiziratu. Yambirani pachipatala chaching'ono chapafupi, iwo akutumizani ku Gulupu. Potero pasamapite wodwala yekha, apite ndi amene amakhala naye, chifukwa ndi amene angafotokoze kuti zinayamba liti. Buku la kuchipatala musaiwale.

Kunyumba nako, osakangana naye. Azakhali ankafunsa amayi awo omwe anamwalira kalekale. Poyamba tinkawauza zoona, iwo n'kulira maliro atsopano tsiku lililonse. Kenaka tinaphunzira kungoti, "Tiuzeni, agogo ankaphika bwanji chigumu?" Nkhope inkawala, nkhani n'kuyambika. Nyimbo za kwaya ankaimba mavesi onse osaphonya, pomwe dzina langa linali litawathawa. Tinasokerera kapepala ka nambala ya foni m'malaya awo, mbaula ndi machesi tinkasunga patali, ndipo aneba onse tinawauza poyera m'malo mobisa.

Inu a m'mabungwe a amayi kumpingo, kumbukiraninso wosamalira wodwalayo. Kawirikawiri amakhala mkazi mmodzi, geni yaima, fizi ya ana yasowa, usiku sagona chifukwa cholondera chitseko. Mukamapanga ndandanda woyendera odwala, muziikapo tsiku loti wina akamukhalireko iye akagone.

Mayi mwaimika dzanja ndakuonani, ndiyamba ndi inu. Ofuna kuyezetsa bipi, makina ali patebulo pafupi ndi khomo.