Kuchoka pa Windows kupita pa Linux: kodi mabuku anu a ndalama atayika?

[Kamera pa wofotokoza, laputopu ziwiri ndi fulashi zili patebulo]

Musafufute Windows kaye! Imani pomwepo, mundimvere mpaka kumapeto, chifukwa zomwe ndaona sabata ino pano pa Dedza boma zandiwawa mtima. Muli bwanji abale anga, takulandiraninso. Ngati ndinu atsopano, dinani Subscribe ndi kabelu kaja pompano, mungaiwale.

Mwachidule: chithandizo cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo malaputopu akale ambiri omwe tinagula kwa obwera kuchokera ku Joni alibe. Ndiye anthu akusamukira ku Linux Mint kapena Ubuntu, mitundu ya Linux yoyendetsa kompyuta m’malo mwa Windows, zomwe ndi zaulere. Ena ochepa akupita ku Mac. Basi, za zimenezo ndinafotokoza kale mu vidiyo ya mwezi watha, kaioneni.

Lero nkhani ndi bodza ili.

[Pa sikirini: “Ukasintha Windows, maakaunti onse apita”]

Ndalimva ku Lizulu, ndalimva ku Bembeke, ndalimvanso kwa munthu wokonza makompyuta amene amayenera kudziwa bwino. Si zoona! Zolemba zanu za ndalama sizikhala mkati mwa Windows, sizikhalanso mkati mwa pulogalamu. Zimakhala mu fayilo. Taganizirani gulu la banki mkhonde. Mlembi akakwatiwa n’kusamukira ku Tsangano, kodi masheya a anthu amapita naye? Ayi, buku limatsala m’bokosi, mlembi wina n’kupitiriza pa tsamba lomwelo. Pulogalamu ndi mlembi. Fayilo ndiye buku.

Onani ndi maso anu. Iyi ndi GnuCash pa Windows, pulogalamu yaulere yolembera ndalama yomwe yakhalapo kuyambira 1998. Muli geni ya mbatatesi: matumba ogula, thiransipoti, za amaganyu, ngongole za makasitomala. Ndikukopera fayilo imodzi yokha, yomwe dzina lake limathera ndi .gnucash. Ndazula fulashi, ndalowetsa mu laputopu ya Linux Mint, ndatsegula. Mwaona? Kwacha iliyonse ili pamalo pake. Money Manager Ex nayonso chimodzimodzi, fayilo yake imathera ndi .mmb. Ya HomeBank ndi .xhb. Amene mumalemba mu Excel, LibreOffice Calc imatsegula .xlsx, koma ngati munaikamo ma macro, timalamulo togwira ntchito tokha, muwayese kaye, ena amakana.

Nanga bodzali linachokera kuti? Mbali ina linachokera kwa anthu a Quicken ndi Microsoft Money, mapulogalamu enanso olembera ndalama. Quicken ilibe mtundu wa Linux, ndipo Microsoft Money anasiya kuigulitsa mu 2009. Mafayilo awo, .qdf ndi .mny, GnuCash siwatsegula mwachindunji. Koma ngakhale pamenepo khomo lilipo, tifikapo.

Mbali yaikulu ndi iyi, ndipo ndi yomwe yandipsetsa mtima. Kunabwera mayi ena, msungichuma wa gulu lawo, fulashi ili m’manja. Akuti, achimwene, ndinasunga zonse asanandichotsere Windows. Titsegule fulashi ija, muli kachithunzi ka pulogalamu kokha, kaja ka pa desktop. Kachithunziko ndi chikwangwani cholozera njira basi, mulibe nambala ngakhale imodzi. Wokonza uja sanawafunse n’komwe kuti fayilo yawo ili kuti, anangofufuta disiki yonse. Zolemba za chaka chathunthu, mayiwo akuzilembanso kuchokera m’makope ndi mauthenga a pafoni. Ndiye mawa anthu azinena kuti Linux inadya maakaunti. Inu okonza makompyuta amene mukuonera, chonde, funsani kaye! Lembani m’munsimu ngati zoterezi zinakuchitikiranipo.

Tiyeni ku masitepe.

Choyamba, pezani fayilo yeniyeniyo. Tsegulani pulogalamu, yang’anani dzina la fayilo pamwamba pa windo, kenako lifufuzeni m’mafoda. Mu GnuCash mupeza mafayilo ambirimbiri a dzina lofanana, ena ali ndi manambala aatali a deti, ena akuthera ndi .log. Amenewo ndi mafayilo apadera omwe pulogalamu imadzisungira yokha. Musavutike kusankha, tsekani pulogalamu, koperani foda yonseyo. Pa fulashi ziwiri, osati imodzi. Ina ikakhale kunyumba, ina ku okala kapena mudzitumizire pa imelo.

Chachiwiri, jambulani ndi foni balansi ya akaunti iliyonse: ya kubanki, Airtel Money, Mpamba, ndalama za m’thumba.

Chachitatu ndi cha inu a Quicken ndi Microsoft Money. Mukadali pa Windows, pitani pa File, Export, sankhani QIF, mtundu wa fayilo womwe GnuCash imatha kuwerenga. Microsoft Money imatulutsa akaunti imodzi imodzi, ndiye pamafunika kudekha. Kenako mu GnuCash, File, Import. Apa tcherani khutu: madeti. Ife timalemba tsiku kenako mwezi, Amereka amayamba ndi mwezi. Ndiye 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo, kwa iwo ndi 4 Malichi. GnuCash ikakayikira imakufunsani, musangodina osawerenga, mungapeze fetereza wa mwezi wina wagwera m’mwezi wina. Onaninso kuti mtundu wa ndalama womwe wasankhidwa ndi MWK, kwacha yathu. Inu a m’malire amene mumagulako katundu ndi metikali, tsegulani akaunti yake payokha ya MZN, musasakanize.

Pakadali pano, ngati vidiyoyi ikukuthandizani, itumizeni pa gulu la WhatsApp la banki mkhonde yanu. Ndipo Loweruka lililonse m’mawa ndimaphunzitsa zimenezi maso ndi maso, bwerani ndi laputopu yanu.

Chachinayi, onani nambala ya mtundu (version) wa GnuCash pa Help, About, pa makompyuta onse awiri. Ya pa Linux isakhale yakale kuposa ya pa Windows, chifukwa yakale nthawi zina imakana fayilo yolembedwa ndi yatsopano.

Chachisanu, yesani musanasamuke. Ikani GnuCash pa Windows pomwepo, lowetsani QIF ija, fananizani ndi zithunzi za mu foni. Ngati kwasiyana ngakhale K500, fufuzani, kawirikawiri ndi ndalama yomwe munasamutsa kuchoka ku banki kupita ku foni yalembedwa kawiri. Zonse zikagwirizana, m’pamene mungaike Linux. Poikapo mudzaona mawu akuti Erase disk. Amenewo ndiye amafufutadi chilichonse, ndiye musanadine, lowetsani fulashi yanu mu kompyuta ina mutsimikize kuti fayilo ikutseguka.

Sabata ya mawa ndikuonetsani kalembedwe ka masheya ndi chiwongoladzanja cha banki mkhonde mu GnuCash. Amayi a ku Kampepuza amene munafunsa, vidiyo imeneyo ndi yanu.