Kuphwanya x² + 5x + 6 kukhala mabulaketi awiri

Takulandirani nonse amene mukukonzekera mayeso a masamu. Lero tiona ntchito imene aphunzitsi m'kalasi amaitchula kuti factorisation, ndipo tiyamba ndi x² + 5x + 6.

Tayang'anani dimba limene ndajambula pa bolodipa. M'litali mwake ndi x + 3, m'lifupi mwake ndi x + 2. Tikalidula panayi, tipeza chigawo chachikulu cha x², zigawo ziwiri zowonda za 3x ndi 2x, komanso kachigawo ka pakona ka 6, ndipo zonsezi pamodzi ndi x² + 5x + 6. Pa factorisation timangobwerera m'mbuyo: tapatsidwa kukula kwa dimba lonse, ndipo tikufunafuna mbali zake ziwiri.

Choncho dzifunseni kuti ndi nambala ziwiri ziti zimene tikazichulukitsa zipereka 6, koma tikaziphatikiza zipereka 5. Nambala 1 ndi 6 zipereka 7, choncho sizitithandiza. Zoyenera ndi 2 ndi 3, ndipo yankho ndi (x + 2)(x + 3).

Pamene ophunzira ambiri amapunthwa ndi pa zizindikiro, ndipo ndikupemphani kuti apa mudekhe. Tengani x² − x − 12. Popeza 12 ali ndi minus, nambala imodzi ikhala ya plus, ina ya minus, ndipo popeza pakati pali −x (kutanthauza −1x), kusiyana kwa nambala ziwirizi kuyenera kukhala 1, zomwe zikutilozera kwa 3 ndi 4. Nambala yaikulu ndiyo imatenga chizindikiro cha chigawo chapakati, choncho tilemba (x − 4)(x + 3). Wolemba (x + 4)(x − 3) wapeza nambala zolondola, koma akachulukitsa mabulaketiwo apeza +x pakati m'malo mwa −x, ndipo malikisi amutayika pa chinthu chimene akanachigwira yekha pa mphindi imodzi.

Nanga patsogolo pa x² pakakhala nambala, monga 2x² + 7x + 3? Chulukitsani 2 ndi 3, mupeza 6, kenaka funani nambala zopereka 6 pochulukitsa ndi 7 pophatikiza, zomwe ndi 6 ndi 1. Gawani 7x kukhala 6x + x, ndipo mukatulutsa zofanana mupeza 2x(x + 3) + 1(x + 3), kutanthauza (2x + 1)(x + 3).

Tsopano imitsani vidiyoyi, mutenge kope lanu, muyese x² + 2x − 15, ndipo musanaone yankho langa muchulukitse mabulaketi anu kuti muone ngati +2x wabwerera pakati.