Mawu a m'mawa: Mbozi ya pa mtengo wa mandimu

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo a kuno kuchigwa? Mawu a lero akuchokera pa Akolose 3:3, pomwe Paulo akuti moyo wanu wabisika pamodzi ndi Khristu mwa Mulungu.

Dzuwa la ku Nchalo ndi ku Bangula lisanayambe kuswa mtengo, pitani pa mtengo wa mandimu kapena malalanje mukayang'ane masamba anthete a kunsonga. Mukaona kanthu kakuda kamawanga oyera, konyezimira ngati chitosi cha mbalame chongogwa kumene, musafulumire kukapukuta. Nthawi zambiri imakhala mbozi ya gulugufe wamkulu wakuda wamadontho achikasu uja, amene akatswiri amamutcha Papilio demodocus.

Mayi wake amaikira dzira limodzi limodzi pa tsamba lanthete, saunjika. Sabata isanathe dziralo limaswa, kambozi n'kuyamba kudya chikamba cha dzira lake lomwe, kenako tsamba. Kakadali kakang'ono sikabisala pansi pa tsamba ayi. Kamakhala pamwamba penipeni, phee, masana onse, mbalame n'kumadutsa osakagwira. Mbalame iti ingajomphe chitosi?

Mbozi imafundula kanayi ikamakula. Ikafundula kachinayi, zachitosi zija zatha: imasanduka yobiriwira ngati tsamba, n'kutalika mpaka masentimita 4 kapena kuposa pang'ono. Chifukwa chake n'chomveka. Chitosi chachikulu ngati chala chingakayikitse mbalame, ndiye chitetezo chakale sichingagwirenso ntchito. Mukaigwira, imatulutsa kuseri kwa mutu kanyanga kamphanda kofiirira, konga lilime la njoka, konunkha koopsa, kothamangitsira nyerere ndi akangaude.

Kuwala kwa vesi lija kuli apa. Ena mwa inu mwadzuka mukuoneka ngati chinthu chotayidwa: mbewu zinakokoloka ndi madzi, ganyu wa kunzimbe anatha, anthu akukudutsani osapereka moni. Mukuyesa kuti Mulungu wakuiwalani. Paulo sananene kuti moyo wanu watayika, wati wabisika, ndipo chobisika chili ndi mwini wake amene akudziwa pomwe anachiika. Mose anakhala zaka 40 akuweta nkhosa za Yetero ku Midyani, Farao osamupeza. Koma nthawi itakwana, Mulungu yemweyo anamutulutsa kutchireko. Ena timakakamira kubisala kwa dzulo pamene takula kale.

Mboziyo ikakhuta imamatirira kunthambi cha kumchira, n'kudzimanga lamba wa ulusi pakati, mutu uli m'mwamba, n'kusanduka chikwa. Imakhala choncho masabata awiri kapena atatu. Si zonse zimatuluka. Timavu ting'onoting'ono timaikira mazira m'chikwamo, ndipo mukaona chikwa chili ndi tizibowo, dziwani kuti munatuluka mavu. Gulugufe amene watuluka bwino amalendewera kaye, mapiko ali onyowa ndi okwinyika, akupopera madzi a m'thupi m'mitsempha ya mapikowo. Akagwa pansi panthawi imeneyi, mapiko amauma opindika ndipo sadzauluka.

M'bale wake wa m'nkhalango zonyowa za mu Africa, Papilio dardanus, amabisala mwa njira ina. Wamwamuna ali ndi timichira kumapiko, koma akazi ambiri alibe, amatengera maonekedwe a agulugufe apoizoni omwe mbalame zimawaopa.

Kwa alimi, kunena zoona mbozi zimenezi zimatha kukungudza mbande za mandimu panazale mpaka kutsala timitengo tokha. Mtengo waukulu sizingauphe. Mbande zikakhala zochepa, palibe chifukwa chothamangira kupopera mankhwala omwe amaphanso njuchi ndi timavu tija. Yenderani nazale kawiri pasabata, tolani mbozi ndi manja, mukaziike pa mtengo waukulu.

Ambuye, amene adzuka lero akudziona ngati otayidwa, asungeni pomwe mwawabisa, mbalame ziwadutse. Ameni.