Nkhope ikamawotcha ngati mwapakidwa tsabola: tikambe za rosacea

[M'mawa m'munda wa tiyi ku Thyolo. Amayi akuthyola masamba, madengu ali kumsana.]

Moni nonse. Lero tili ku Thyolo, ndipo tayang'anitsitsani masaya a mayi awa, omwe atilola kuwajambula koma osatchula dzina. Ali ndi zaka za m'ma 40. Pamasaya ndi pamphuno pali timatuza, khungu lake ndi lotupa pang'ono komanso lodera kuposa mbali zina. Akuti dzuwa likangokwera, nkhope imawotcha ngati wina wawapaka tsabola. Anzawo amawanena kuti ziphuphu za pautsikana zawabwerera. Ayi, si ziphuphu zimenezi. Madokotala amati rosacea.

Dzinali limachokera ku mawu a Chilatini onena za mtundu wa duwa la rozi, chifukwa kwa azungu nkhope imafiira kuonekeratu. Apa ndi pamene ife timaphonyera. Pakhungu lakuda kufiirako kumabisala, pamangoderapo kapena kuoneka ngati papsa ndi dzuwa. Choncho mverani zimene khungu likukuuzani: kutentha kobwera mwadzidzidzi, kuwawa mukadzola mafuta kapena kusamba ndi sopo, kuuma ndi kutupa pakati pa nkhope, ndiye kuti pamasaya, pamphuno, pachipumi ndi pachibwano.

[Kamera pafupi ndi tsaya.]

Ziphuphu wamba zimakonda achinyamata, zimakhala ndi timitu takuda, ndipo zimafika kumsana ndi pachifuwa. Rosacea nthawi zambiri imayamba munthu atapitirira zaka 30, ndipo timitu takuda tija palibe. Ena imawagwira ndi m'maso momwe: zikope zimatupa, m'maso mumamveka ngati mwalowa mchenga. Ikakhalitsa, makamaka kwa abambo, khungu la mphuno limakhuthala, mphuno n'kukula. Anthu amafulumira kunena kuti bambo ameneyu ndi chidakwa, ndipo zimandimvetsa chisoni, chifukwa zimachitikira ngakhale munthu amene sanalawepo mowa chibadwire.

Chimachitika n'chakuti timitsempha ta magazi ta kunkhope timatseguka msanga, ndipo chitetezo cha m'thupi chimakwiya ndi zinthu zazing'ono. Matendawa amayenda m'magazi m'mabanja ena. Palinso tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa Demodex, tomwe pafupifupi tonsefe tili nato pakhungu, koma kwa odwala rosacea timachuluka. Si matenda opatsirana, si uve, si ufiti. Mutha kudyera mbale imodzi, kugona mphasa imodzi.

[Mayi akupemerera moto pamafuwa, kapu ya tiyi ikutuluka nthunzi.]

Zoiputa tili nazo pakhomo pomwe. Dzuwa ndiye loyamba, kenako moto wa pamafuwa, tsabola wa kambuzi, mowa, nkhawa, ngakhale mphepo yozizira ya chiperoni. Za tiyi musadandaule, kuno kwathu sitingamusiye. Vuto ndi kutentha kwake, ndiye muzimudikira apoleko. Munthu aliyense ali ndi zake zomwe zimamuputa, choncho kwa milungu ingapo muzilemba m'kope zimene munadya ndi kuchita tsiku limene nkhope yavuta.

[Dzanja lagwira kachubu ka mafuta, dzina lake labisidwa.]

Tsono ichi ndi chimene chandichititsa kujambula vidiyoyi. Mayi aja anagula kachubu aka pamsika atauzidwa kuti kamathetsa ziphuphu ndi kuyeretsa khungu. Mafuta ambiri otere amakhala ndi mankhwala amphamvu monga betamethasone kapena clobetasol. Masiku oyamba nkhope imasalala, munthu n'kumati ndapeza mankhwala. Pakapita miyezi khungu limapyapyala, timitsempha timaonekera, timatuza timabwerera tambiri. Ukasiya kudzola nkhope imayaka, ukayambiranso imakhala bata, ndipo ndi mmene munthu amakodwera. Mafutawa paokha amatha kuyambitsa vuto lofanana ndi rosacea kwa munthu amene analibe. Chonde abale, werengani timalemba tating'ono ta pachubu musanadzole.

Rosacea siitheratu, koma imagonja. Dokotala angakupatseni odzola monga metronidazole, azelaic acid kapena ivermectin, mwinanso mapiritsi a doxycycline, omwe mayi woyembekezera sayenera kumwa. Amagwira ntchito pang'onopang'ono, milungu 6 kapena kupitirira, ndiye musataye mtima sabata yoyamba. Kunyumba sambani kumaso ndi madzi ofunda pang'ono, osakhula ndi mwala kapena chinkhupule. Kumunda valani chipewa chachikulu, ndipo ngati mungakwanitse dzolani mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa kuti SPF 30 (nambala yosonyeza mphamvu yake yoteteza).

Pitani kuchipatala cha boma cha Thyolo, ku Malamulo kapena cha Mulanje akakuoneni, chifukwa matenda ena monga lupus amayambanso ndi zidzolo pamasaya. Zikavuta angakutumizeni kwa madokotala a khungu ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ngati maso akupweteka kapena ayamba kuona mwachimbuuzi, musadikire tsiku lamalipiro. Ndipo popita, tengani machubu onse amene mwakhala mukudzola, ngakhale otha, mukawaonetse adokotala.